Amalume, Ndifunseko

Amalume,

Ndili bwino, kungoti lamba ndaboola bowo lina. Tsiku lija mumandikweza minibasi munandikumbutsa za safunsa amene anadya phula. Kuno ndikafunsa anzanga amaseka, ndikafunsa a fomu 4 amati ndine wamwano. Ndiye ndati mafunsowa ndibwere nawo kwa inu, poti ndinu mkulu wa mpingo ndipo sukulu ino ndi ya mishoni.

Ndiyambe ndi belu. Si belu lenileni, ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chimene anachipachika pamtengo wa mango. Chimatidzutsa 5 koloko, chimatituma kokolopa, kuphala, kumapemphero, m'kalasi, kokawerenga usiku, mpaka kokagona. Pakhomo la tchalitchi pamaima pulifekiti ndi kope, kulemba mayina a amene sanabwere. Kodi munthu amene walowa m'tchalitchi poopa kope, kumwambako amamuwerenga kuti wabwera? Nanga amene amasinza chiimirire nyimbo ili pakamwa, monga ine?

Sabata yachiwiri ndinapatsidwa chikwakwa ndi bwalo lonse la kuseri kwa laibulale. Mlandu wake, ndinapempha sopo m'Chichewa. Koma Lamulungu abusa amatilalikira m'Chichewa chomwecho, ndipo amawerenga Buku Lopatulika. Aphunzitsi a Bible Knowledge anatiuza kuti William Murray wa ku Nkhoma, pamodzi ndi anzake ndiponso makolo athu amene ankamuthandiza, anatha zaka zambiri akulimasulira mpaka linatuluka mu 1922. Ndiye kuti mzungu anachita kuchokera kutali kudzavutikira chilankhulo chimene ine ndikutchetchera udzu? Yankho la ahedi ndinalimva: mayeso ambiri a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona ngakhale atakhoza zina zonse. Sindikutsutsa. Ndikungodabwa ngati a MANEB adzafunse za sopo.

Tsopano za kodyera, ndipo apa mundimvetsere bwino. M'mawa wina tinamva za Ambuye akusambitsa mapazi a ophunzira awo, wamkulu kugwadira aang'ono. Ndinasangalala, ndinati kodi kani lero tidya bwino. Masana mzere unali womwe uja: a fomu 4 patsogolo, ife kumchira. Tikamafika pampoto nyemba zimakhala zitatha, kwatsala msuzi ndi anankafumbwe akusambira pamwamba. Anzanga amati ndi nyama yaulere. Mgaiwa wokha ndiye sasankha kalasi.

Pali wina wa fomu 4 amene ndimamuchapira malaya Loweruka lililonse. Sanandipemphe, anangondiponyera. Yemweyo ndiye amatsogolera nyimbo ku SCOM, ndipo amaimba bwino, amalume, mpaka tsitsi kunyamuka. Kodi ameneyu ndi munthu mmodzi kapena awiri? Ahedi analengeza kuti wozunza a fomu 1 adzachotsedwa sukulu, koma palibe amakanena. Akuti ndipirire, chaka chamawa nanenso ndidzakhala ndi wondichapira. Ndiye kuti limenelinso ndi phunziro, ndipo mayeso ake ndidzalemba pamsana pa mwana wa eni amene pano ali sitandade 8?

China, sukuluyi ndi ya yani? Pachikwangwani pali dzina la mpingo. Aphunzitsi amalandira malipiro kuboma, ndipo bomalo ndi limene linatisankha titakhoza PSLCE. Fizi mumalipira ndinu mukagulitsa mtedza. Pakati pa teremu, titangoti ameni, anawerenga mayina a amene sanamalize fizi kuti akalongedze. Ndikudziwa kuti ufa ndi nkhuni sagula ndi pemphero. Koma amene anawabweza anzathuwo ndani, mpingo, boma kapena mtengo wa mtedza? Mmodzi sanabwererenso, bedi lake tikuyanikapo matawulo.

Pabedi la pamwamba panga pamagona mnyamata wa ku Machinga, Msilamu. Kutchalitchi amalowa nafe, amakhala duu, ndipo m'bandakucha, belu lisanalire, amayala thumba kuseri kwa hositelo n'kupemphera yekha. Palibe kope limene limamutsatira kumeneko. Tsiku loti makolo adzatione, inu simunabwere, ndipo sindikudandaula, ndikudziwa mtengo wa basi. Ndinakhala pansi pa mtengo wa belu uja ngati ndikuwerenga. Iye anabwera kudzandikoka dzanja. Mayi ake anali atayala chitenje, apo mpunga, apo matemba okazinga, ndipo anandiuza kuti ndisambe m'manja osandifunsa n'komwe kuti ndimapemphera kuti. Ponyamuka anatigawira zigumu mofanana, ngati anatibereka tonse.

A fomu 3 akuphunzira buku la Machitidwe, ndipo amatiuza kuti Akhristu oyamba ankagawana zonse. Kuhositelo kwathu bokosi lililonse lili ndi loko, langanso lili nayo, poti shuga amamera miyendo usiku. Bokosi lokhalo limene kiyi wake ndimadziwa pobisika ndi la mnzangayu. Kodi nkhani ya m'Machitidweyo anamuuza ndani?

Mvula yoyamba itagwa, magetsi anathima tili pakati powerengera mayeso. Tinaunjikana pa tochi imodzi, ngumbi zikutigwera m'makope. Ndani anatulukira? Wondichapitsa malaya uja. Ndinati basi, tochi yapita. Iye anakhala pansi, natenga pensulo yanga n'kuyamba kutilongosolera masamu amene anatikanika teremu yonse, m'Chichewa, pang'onopang'ono, kwinaku akutola ngumbi n'kumaponya m'kapu. Belu logonera litalira sanadzuke mpaka tonse titamvetsa. Loweruka lake anandiponyeranso malaya. Ndinachapa, koma sindikudziwa ngati ndinachapa chifukwa cha mantha kapena chifukwa cha masamu aja. Inu mukuona bwanji?

Titsekera Khirisimasi isanafike. Lipoti ndibwera nalo, Chingerezi chakwerako, musade nkhawa. Pempho langa ndi ili: mnzanga uja ndingabwere naye kwathu masiku awiri? Akuti nkhumba sadya, ndipo nyama amadya yozinga Msilamu. Ngati mbuzi ija mukadali nayo, kodi agogo angalole kuti ya Khirisimasi atizingire ndi iyeyo?

Ndine mphwanu.