Wakwata kwa mphenzi saopa yotapira

M'dziko muno muli mpingo wa amuna odziwa mtengo wa 4x4 iliyonse koma oyenda pa kabaza, ndipo ine ndine mkulu wa mpingowo. Timadziwa kuti mtundu wa Land Cruiser unayambika ku Japan mu 1951, kuti a Mitsubishi anasiya kupanga Pajero mu 2021, komanso giya yokwerera msewu wa Golodi popita ku Livingstonia. Zonsezi timaziphunzirira pa foni ndi bandulo yangongole. Choncho ndikamalankhula za kugula 4x4 yogwirapo kale ntchito mundimvere, pakuti palibe amene waigula kambirimbiri m'maganizo kuposa ine. Mfundo yanga ndi imodzi: pa ndalama zonse zimene munthu amataya pogula chilombo chimenechi, kandalama kamene amadula potumiza malipiro ndi kokhako kamene sikatinamiza, koma ndi komwe timakaphera ubale.

Taonani ulendo wa galimotoyo. Ku Japan lamulo limati galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo popeza kuyesako n'kodula, eni ake ambiri amangoigulitsa. Makampani monga BE FORWARD ndi SBT amaionetsa pa intaneti, imakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kudzalowera pa Songwe, pamene a MRA amaidikira ndi msonkho umene umakula galimoto ikakhala yokalamba ndi ya injini yaikulu. Yokalamba ya injini yaikuluyo ndi yomwe ife timailota. Mtengo wake uli m'madola, pomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ikafika ifuna matayala, inshuwalansi, COF, ndi dizilo amene imamwa mosayang'ana nkhope ya mwini wake. Zonsezi timazilandira modzichepetsa, n'kumati Mulungu adziwa. Koma wogulitsa wa kuno akangoti, "Bwana, mukamatumiza muonjezere yotapira," pomwepo timakumbukira kuti ndife anthu a mfundo, osalola kuponderezedwa.

Matendawa si athu tokha. Ku America, PayPal imadula wogulitsa pafupifupi 3 peresenti ya ndalama imene walandira, kutanthauza kuti pa galimoto ya madola 10,000 imatengapo madola pafupifupi 300. Pozemba zimenezo, ogulitsa ena amapempha kuti ndalamayo itumizidwe ngati mphatso ya pachibale, njira imene wolandira sadulidwa koma wotumiza alibe podandaulira. Motero munthu amene simunamuonepo nkhope amasanduka msuweni wanu pa mphindi imodzi, ndipo chisuweni chake chimatha ndalama ikangolowa. Kwathu kuno nkhondo yomweyo imamenyedwera pa Airtel Money ndi Mpamba, makamaka pa ndalama yachikole, chifukwa wolandira amadziwa kuti akapita kukatapa adulidwa, ndiye amafuna mpeniwo ugwere inu.

Wina anena kuti wogulitsa ndiye ayenera kulipira, popeza malonda ndi ake. Ndikuvomera ndi mtima wonse, pakuti chilichonse chonena kuti alipire wina ine ndimachivomera msanga. Koma wogulitsa si mwana. Mukamukaniza yotapira lero, mawa aibisa mu mtengo wa galimoto, ndipo aibisa yonenepa. Apa m'pamene pali kupusa kwa mpingo wathu: timalipira mosangalala K500,000 yobisika, koma K5,000 yoonekera imatisowetsa tulo. Chofunika n'chakuti awiriwo agwirizane poyamba mtengo umodzi wokhala ndi zonse mkati, aulembe, kuti pasakhale kudzidzimutsana pa tsiku lolipira.

Wina anena kuti ndalama yapamanja ilibe wodula. Tiyeni tiwerenge. Galimoto ya K30 miliyoni, mukailipira ndi ma K5,000 amene anatuluka mu 2022, ndi mapepala 6,000. Mapepalawo afuna chikwama, chikwamacho chifuna mlonda, ndipo mlondayo ndi mlamu wanu amene afuna ya fanta yoposa yotapira ija. Mufunanso malo owerengera opanda maso ambiri, ndi malovu okwanira. Mukatha zonsezo mulibe kanthu kosonyeza kuti munalipira, kupatula mlamu yemweyo, amene umboni wake umadalira mmene mukukhalira ndi mlongo wake mwezi umenewo. Kutumiza kudzera ku banki kumasiya tsiku, dzina ndi kuchuluka kwa ndalama, zinthu zitatu zimene sizisintha mawu pabwalo la milandu.

Chotsutsa cholimba kwambiri n'chakuti kandalamako sikateteza wogula ku galimoto yowola. Izi n'zoona, ndipo PayPal yomweyo siiwerengera magalimoto pa katundu amene imabwezera wogula ndalama akapusitsidwa. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama yapita sukonza giyabokosi, sutseka dzimbiri lapansi, ndipo sudziwa ngati mita ya makilomita inabwezedwa m'mbuyo. Koma imeneyo sinali ntchito yake. Ntchito imeneyo ndi ya makaniko wanu, osati wa wogulitsa, wolowa pansi pa galimoto, kuyesa ngati mawiro onse anayi akukokadi, ndi kufananitsa nambala ya chasesi ndi yolembedwa mu buluu buku. Ndi ntchitonso ya miyendo yanu, yopita ku Road Traffic kukasintha umwini. Makanikoyo nayenso timamunyinyirika kumulipira, chifukwa ife a mpingo uno timakhulupirira kuti kumenya tayala ndi phazi n'kugwedeza mutu ndiko kuyesa galimoto. Safunsa anadya phula, ndipo phula la 4x4 limadyedwa mwezi ndi mwezi ku galaja.

Ndiye inu amene ndalama muli nayodi, kusiyana ndi ine, musatengere khalidwe la ife oonerera. Nenererani mtengo mpaka wogulitsa atuluke thukuta, yotapira ilowe mu mtengowo musanagwirane chanza, lipirani makaniko, tumizani ndalama m'njira yosiya umboni, ndipo musalole kukhala msuweni wa munthu wosamudziwa. Ngati kandalama kotumizira kakukupwetekani mumtima, dziwani kuti galimotoyo simuikwanitsa. Bwerani ku mpingo wathu, malo alipo, ndipo kabaza sadula yotapira.