Mkazi Mnzanga Wodya Mayunitsi

Loweruka masana ku Senga Bay. Agogo Nabanda akutembenuza usipa pathandala kuseri kwa nyumba. Mdzukulu wawo Limbani, yemwe anaphunzira za uinjiniya ku Blantyre ndipo amagwira ntchito ku Lilongwe, waimika galimoto yakuda yonyezimira pansi pa mtengo wa mango.

LIMBANI: Odi kuno! Agogo, mwaswera bwanji?

AGOGO: Mayo ine! Iwe Limbani, ufuna undiphe ndi mtima? Watulukira kuti?

LIMBANI: Ndabwera pa galimoto, agogo. Ndi iyo ili apoyo.

AGOGO: Bodza. Galimoto ikamakhota pamsika paja ine ndimaimva. Lero galu ali gone, nkhuku sizinathawe. Kapena mwachita kukankha kuchokera ku Kamuzu Road?

LIMBANI: Siilira imeneyi. Ndi yamagetsi. Abwana anga aitanitsa kuchokera ku Korea, yadzera padoko la Dar es Salaam. Andibwereka kuti ndiione mmene ikuchitira pa ulendo wautali.

AGOGO: Ndalama zonsezo kugula galimoto yosalira? Nanga anthu adziwa bwanji kuti kwa Nabanda kwabwera alendo olemera? Upite ukaimike pamsewu, uimbe hutala katatu, kenako ubwerenso.

LIMBANI: Tabwerani muione kaye. Lowani kutsogoloku.

AGOGO: Ndilowere pati? Chitseko chake chilibe chogwirira.

LIMBANI: Dikirani ndiyandikire ndi kiyi. Mwaona? Chatuluka chokha.

AGOGO: Chimadziwa mwini wake! Chabwino, ndigwire mkono. Eee, kuzizira muno! Kunjaku dzuwa likuswa mtengo, muno ndi June. Iwe, iwe, Limbani! Mumpandomu muli munthu!

LIMBANI: Mulibe munthu, agogo. Mpandowo umasisita msana. Ndadina batani ili.

AGOGO: Usazimitse. Tatsitsa pang'ono, pachiuno pomwe pamandivuta paja. Apo, apo. Zaka zonsezi ndakhala ndikupita kuchipatala cha boma ku Salima kukalandira panado, osadziwa kuti mankhwala ake ndi mpando. Nanga mzimayi akulankhula Chingereziyu ndi ndani?

LIMBANI: Ndi mawu a galimotoyi. Amandiuza njira komanso zina zofunika kudziwa.

AGOGO: Amuna anga inu, mwandibweretsera mkazi mnzanga osandiuza? Mawu ake ndi aulemu ndithu. Akuti chiyani?

LIMBANI: Palibe chachikulu. Akungopereka moni.

AGOGO: Moni wobwereza kawiri, ndi kanyali kachikasu kakuthwanima? Chabwino. Tandiuza, imayenda bwanji?

LIMBANI: Agogo, musanene! Palibe kusintha magiya, palibe kunjenjemera. Ukangoponda, khosi limabwerera m'mbuyo. Masekondi asanu okha yafika kale liwiro la makilomita 100 pa ola. Nditadutsa Kanengo ndinapitirira malole atatu ondondozana, madalaivala ake n'kumangondiona kumsana. Vuto linali pa Chezi. Anthu ogulitsa tomato ndi mbatata amayenda pamsewu mosatekeseka chifukwa sakumva kanthu kumbuyo. Mayi wina anatembenuka n'kupeza galimoto ili pachidendene, dengu lonse pansi. Ndalipira tomato ameneyo, ali kumbuyoku.

AGOGO: Ndiye tomato wandibweretserayu ndi wangozi? Ine ndimayesa chikondi.

LIMBANI: Koma chokoma chenicheni ndi ichi. Mukudziwa kuti kuchokera ku Mvera msewu umangotsetsereka mpaka kuno. Lilongwe ili pamwamba, mamita opitirira 500 kuposa nyanjayi. Galimotoyi ikamatsika, ukangochotsa phazi, mota yake imasanduka jenereta. Imadzigwira yokha osaponda mabuleki, uku ikubweza magetsi mu batire. Ndinaona ndi maso anga nambala ikukwera m'malo motsika.

AGOGO: Ikamatsika phiri imakhuta?

LIMBANI: Eya.

AGOGO: Nanga ikamakwera?

LIMBANI: Ikamakwera... imadya mowirikiza pang'ono.

AGOGO: Ndipo kwanu n'kumtunda.

LIMBANI: N'kumtunda, agogo.

AGOGO: Pitiriza, ndikumva.

LIMBANI: Chachikulu n'chakuti ine za pamzere wa mafuta ndaiwala. Mukukumbuka kumapeto kwa 2024, anthu akugona m'magalimoto kudikira petulo?

AGOGO: Ndingaiwale bwanji? Eni maboti kuno ankapita ndi zigubu m'bandakucha n'kubwerako madzulo zili gwa, zopanda kanthu. Boti likagona pamchenga, ifenso ogula usipa timagona ndi njala. Ndiye iyi siimwa petulo ngakhale dontho?

LIMBANI: Ngakhale dontho. Ilibe thanki, ilibe paipi ya utsi, siifuna oyilo wa injini. Taonani nditsegule boneti.

AGOGO: Akubera! Limbani, akubera injini! Ndinanena ine kuti pa Chezi paja sunaime bwino.

LIMBANI: Ndi mmene anaipangira. Mota zake ndi zazing'ono, zili pafupi ndi mateyala. Batire ndiye ili pansi ponsepa, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Yokhayo imalemera ngati matumba 12 a chimanga. Apa anangosiya malo oikapo katundu.

AGOGO: Malo abwino zedi. Ndowa imodzi ya usipa wofutsa ikwana bwinobwino, ukawapatse amayi ako.

LIMBANI: Usipa mu galimoto ya abwana? Fungo lake lidzatha chaka chamawa!

AGOGO: Abwana akowo sadya usipa? Tabwerera kwa mkazi mnzangayu. Wayambiranso kulankhula, ndipo ine Chingerezi cha "low" ndimachidziwa. Foni yanga imanena zomwezo.

LIMBANI: Chabwino, agogo. Batire yatsala 18 peresenti. Usiku wathawu magetsi anazima kwathu isanadzaze, ndiye ndinanyamuka ili pa 45. Panjira ndinathamangako, komanso choziziritsira chinali choyatsa. Ikuti yatsala ndi makilomita 80.

AGOGO: Kubwerera ku Lilongwe ndi angati?

LIMBANI: Pafupifupi 120.

AGOGO: Okwera phiri. Kuthamanga si kufika, amuna anga. Koma usadandaule, ndiitana anyamata a kabaza. Mmodzi apite ndi chigubu ku Kamuzu Road akakugulire magetsi a malita asanu.

LIMBANI: Magetsi sathiridwa m'chigubu, agogo.

AGOGO: Ndiye akukankhe mpaka ilire.

LIMBANI: Siilira ndi kukankha. Ndipo imalemera matani awiri ndi theka. Mumchenga uno anyamata khumi sangaisunthe.

AGOGO: Siimwa za m'chigubu, siikankhidwa, siinyamula usipa. Kodi kwawoko amaitani ikamva njala?

LIMBANI: Kumayiko ngati Norway m'misewu muli malo otchajira amphamvu. Umaima mphindi 30, kumwa tiyi, batire yatsala pang'ono kudzaza. Kumeneko mu 2024, mwa magalimoto atsopano 10 alionse ogulidwa, pafupifupi 9 anali amagetsi. Ndipo magetsi awo ambiri amachokera m'madzi, ngati ife.

AGOGO: Kuno malo oterowo ali pati?

LIMBANI: Kuno ndiye... pali soketi yanu ija ya pabalaza.

AGOGO: Ehe! Nkhani yafika pamwini wake tsopano. Ndimadabwa kuti mdzukulu wanga wandikumbuka bwanji pakati pa mwezi. Tenga ekisitenshoni ili kuseri kwa wailesiyo.

LIMBANI: Iyi yowonda chonchi ingasungunuke, mwinanso kuyatsa nyumba. Ndisendeza galimoto pawindo kuti waya wake womwe ufike pakhoma. Mwaona kabokosi aka? Kakayaka zobiriwira ndiye kuti yayamba kutchaja. Apo, yayamba.

AGOGO: Ndiye tidikire mphindi 30 zija? Ndikaike madzi a tiyi.

LIMBANI: Pa soketi ya m'nyumba imalowa mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola. Batire yonse imafuna pafupifupi 90. Kuti idzaze kuchokera pomwe ilipa ndi maola opitirira 30. Koma ine ndikungofuna okwana kukafika, maola 10 kapena 11 basi.

AGOGO: Bwereza. Mayunitsi angati?

LIMBANI: Pafupifupi 90 ikakhala kuti yatheratu.

AGOGO: Ine ndimagula 30, ndipo amandifikitsa kumapeto kwa mwezi: mababu atatu, wailesi ndi kafiriji ka mafirizesi. Mkazi mnzangayu chakudya changa cha miyezi itatu amadya kamodzi? Tandiperekeza pa mita. Taona! Inali pa 12.4, pano 12.3. Ndaima pomwe pano osakhudza kanthu. Iyo 12.2! Zimitsa, Limbani, zimitsa!

LIMBANI: Dekhani, agogo, ndikugulirani ena pa foni pompano. Ndikutumiza a miyezi iwiri.

AGOGO: Itatu. Wina ndi wa mtima wanga womwe wathamangawu. Kodi magetsi onsewa amachokera kuti, oti mpaka magalimoto azidya nawo?

LIMBANI: Ambiri amachokera m'nyanja yomweyi. Madziwa amatuluka ku Mangochi n'kulowa mu Shire. Pa Liwonde pali zitseko za Kamuzu Barrage zomwe zimawongolera kuchuluka kwa madzi odutsa. Kumunsi kwake amakazunguza makina a EGENCO pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Nkula ndiye wakale, anayamba mu 1966. Kuchoka apo ESCOM imawatumiza pa mawaya mpaka pa mita yanuyi.

AGOGO: Madzi omwe aja anakwera mu 2024 n'kundimizira mathandala awiri?

LIMBANI: Omwewo.

AGOGO: Ndiye amandimizira usipa kuno, akafika ku Nkula n'kubwerera pa waya kuti ndiwagule? Madzi amenewa ndi ochenjera kuposa mavenda a ku Lilongwe.

LIMBANI: Akachuluka molusa amawononganso. Namondwe Ana uja wa mu January 2022 anagumula damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130. N'chifukwa chake magetsi ankazima maola ambirimbiri chaka chimene chija. Koma si madzi okha tsopano. Magalasi aja munawaona ku Nanjoka, konkuno ku Salima, amapanga mamegawati 60 kuchokera ku dzuwa, anayamba mu 2021. Ku Golomoti kuli ena a mamegawati 20, ndipo kumeneko anaikako mabatire osungira magetsi.

AGOGO: Dzuwa la ku Salima, madzi a ku Salima. Ndiye galimotoyi kwawo n'kuno, ku Korea inangobadwirako. Nanga kabokosi kako kathima bwanji?

LIMBANI: Aaa, ayi! Magetsi apita!

AGOGO: Wailesi nayonso yakhala chete. Akapita nthawi ngati ino amabwera nkhuku zitalowa, mwinanso mawa. Khala pansi udye nsima. Kalanga ine, mafirizesi anga asungunuka, ndipo foni ili ndi kadontho kamodzi. Madzulo ano kasitomala wanga wa ku Mchesi aimba za usipa wake.

LIMBANI: Foniyo bweretsani, nditchajira mu galimoto. Ndipotu iyi ili ndi soketi kumbuyo, ngati ya m'nyumba. Firiji yanuyo ikhoza kuyaka pamenepo.

AGOGO: Ima kaye. Imatulutsanso magetsi?

LIMBANI: Imatulutsa. Muli mayunitsi pafupifupi 16 panopa.

AGOGO: Yunitsi imodzi imatchaja mafoni angati?

LIMBANI: Mafoni sadya zambiri. Mwina 50.

AGOGO: Nanga yunitsi yomweyo imakuyendetsa mtunda wotani?

LIMBANI: Makilomita asanu.

AGOGO: Makilomita asanu ine wakabaza amanditenga ndi K2,000, ndipo amandicheza nkhani za m'mudzi ulele. Mafoni 50 pa K300 imodzi ndi K15,000. Iwe unapita kusukulu mpaka ku Blantyre, tandiuza: chinthu chobweretsa K15,000 ukuchiwotcha pa ulendo wa K2,000?

LIMBANI: Sitiwerengera choncho, agogo. Galimoto ndi yoyendera.

AGOGO: Anakuuza ndani? Mabatire a nyali za asodzi imatchaja? Masiku ano ambiri usipa sakuwuitananso ndi nyali za palafini, koma ndi mababu a batire. Magetsi akazima chonchi anyamata amasowa kolowera, ndipo mwezi uli mumdima, usiku uno ndi wa usipa.

LIMBANI: Ikhoza, tikakhala ndi chaja yake. Koma agogo, mabatire amenewo ndi aakulu. Mukatero 18 peresenti ija itsika, ine ndibwerera bwanji?

AGOGO: Ndi 18 yakoyo ukanafika? Ukanakagona pa Mvera, mbuzi zikukuzungulira. Wosafika ndi wosafika basi, kaya watsala ndi 18 kaya ndi 8. Magetsi akabwera udzatchaja ndi mayunitsi wandigulira aja, ndikugulitsa pamtengo wachibale.

LIMBANI: Mundigulitsa mayunitsi omwe ndagula ndine?

AGOGO: Unandipatsa. Iwe Patuma! Thamanga kugombe, ukawauze a Che Saidi ndi anzawo kuti kwa Nabanda kuli magetsi. Foni K300, batire ya nyali tikambirana. Wofuna kusisitidwa msana K500, koma asambe kaye mapazi.

LIMBANI: Agogo, mpandowo ndi wachikopa! Ndipo Lolemba m'mawa abwana akuifuna galimotoyi ku ofesi. Ndikawauza chiyani?

AGOGO: Anakutuma kuti uione mmene ikuchitira pa ulendo wautali. Ukawauze kuti pamsewu imaopseza amayi a tomato, koma ikaima imagwira ntchito bwino kwambiri. Akafuna gawo lawo, abwere okha tidzakambirane. Tsopano tsegula kumbuyoko, anthu ayamba kale kufola.