Korona Sadziwa Kupalasa Bwato

Pa 2 Epulo 2020 wailesi inalengeza kuti anthu atatu apezeka ndi korona ku Lilongwe. Atsibweni anga anali pa doko la Kachulu akusoka ukonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mphwanga, akuti matendawa abwera pa ndege?"

"Eya, atsibweni."

"Ndiye atsike ku Lilongweko, akwere basi mpaka pa Zomba, pa Matawale adikire galimoto idzadze, amwe fumbi la msewu wathuwu, afike pano ayambe kunenerera bwato. Akadzafika akadali ndi mphamvu, matemba ndidzawapatsa ulere."

Doko lonse linafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, ngakhale m'thumba ndinali nditabisa kabotolo ka sanitaiza ngati chithumwa.

Patapita masiku kunabwera mlangizi wa zaumoyo, amene kwathu timangomuti adokotala. Anaima pamchenga n'kufotokoza kuti munthu azitalikirana ndi mnzake mita imodzi. Nthawiyo bwato lopita ku chilumba cha Chisi linali litadzaza: anthu, matumba a ufa, njinga ziwiri ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Mayi wina amene anapanikizika pakati anafunsa mwaulemu ndithu:

"Adokotala, mita imodzi kuchokera pamene ndakhalapa ndi m'madzi. Ndiyambe ndine kudumpha kapena achimwenewa?"

Mwini bwato anati iye alibe vuto ndi lamuloli, bola mitayo nayonso izilipira.

Boma litati dziko litsekedwe kwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, mavenda anachita zionetsero m'matauni, ndipo pa 17 khoti lalikulu linaimitsa ganizolo. Nkhani ikamayenda kuchoka ku Lilongwe kufika kunyanja imataya katundu wina panjira. Pofika kwa anganga inali itatsala mawu atatu okha: khoti laletsa korona. Anganga analulutira, nati jaji ameneyo Mulungu amuwonjezere masiku, ndipo akapeza mpata aletsenso malungo.

Sindiwanena anganga. Mu Juni atsogoleri omwewo amene ankatiuza kuti tisasonkhane ankatiitana kumisonkhano ya chisankho cha pa 23, tikupanikizana ngati matemba m'dengu. Atsibweni anati tsopano amvetsa: kachilomboka kamaopa chipani.

Mu Ogasiti kunabwera lamulo loti wopezeka pagulu opanda masiki alipe K10,000. Apa ndiye anthu anachita mantha, koma mantha ake anali a thumba. Pa golosale ina panali masiki imodzi ya chitenje yokolekedwa pa msomali. Aliyense wopita ku tauni ankaibwereka, n'kuibweza madzulo. Inayenda maulendo ambiri a ku Zomba kuposa mfumu ya mudzi. Mlangizi atamva, anagwira mutu n'kunena kuti masiki sabwerekana. Mwini golosale anamuyankha modekha: "Musadandaule adokotala, sitivala pakamwa. Imakhala pachibwano mpaka tione apolisi."

Kuti mumvetse mitu ya anthu akwathu, muyenera kudziwa nyanja yawo. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi Thondwe zimathira, koma cholowa chalowa. Pakati pa nyanjapo asodzi amamanga zimbowera, tinyumba toyandama pa udzu, momwe amakhala milungu ingapo osaponda mtunda. Bafa ndi nyanjayo, chitsime ndi nyanjayo, ndipo chimbudzi musandifunse. Mlangizi atauza msodzi wina wa m'zimbowera kuti azisamba m'manja pafupipafupi, iye anatambasula zikhato zake zotuwa ndi madzi, nati: "Bwana, manja awa auma liti?"

Koma msodzi yemweyo mukamutchulira kolera, nthabwala zimathera pomwepo. Kolera anamuona ndi maso. Anaona mnzake amene anadya naye nsima usiku akumutsitsa m'bwato m'mawa, maso atalowa m'kati. Mliriwu utabuka panyanjapa kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo ndi a Médecins Sans Frontières anabweretsa katemera wakumwa mu 2016. Katemerayo amamwedwa kawiri, motalikitsa milungu iwiri. Podziwa kuti msodzi sungamupeze malo amodzi kawiri, a m'zimbowera anawamwetsa woyamba n'kuwapatsa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha tsiku likakwana. Palibe amene ndinamumva akufunsa kuti m'kabotolomo muli chiyani. Atsibweni anangofunsa ngati pali kachitatu ka alendo. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa kolera mwambiwu sufuna womasulira.

Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi korona tsiku limodzi. Tsiku limenelo pa doko panali zii. Ngakhale bawo inaima. Madzulo ndinapeza atsibweni atafunda bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugama, thukuta lili kamukamu, pambali pali mandimu, jinja ndi adyo.

"Atsibweni, si paja munati sadziwa kupalasa bwato?"

Mawu anatuluka pansi pa bulangete: "Ngati wakwanitsa kudutsa alonda a pageti ya nduna, bwato angalephere kubwereka?"

Mandimu amene ana ankagendera mbalame anasanduka katundu wa ndalama. Agogo ena anayamba kugona pansi pa mtengo wawo ndi chibonga. Chimfine sichinawasiye, koma anati bola chimenecho n'chachikuda.

Katemera wa korona anafika m'dziko muno pa 5 Malichi, ndipo pa 11 Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa pamaso pa anthu konkuno ku Zomba. Tinaganiza kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Wina anati jakisoni wa apulezidenti munali madzi. Wina anati muli 666. Atsibweni, bambo wa ana asanu ndi anayi, anabwera ndi nkhope yaikulu nati amva kuti ukabayitsa subereka. Azakhali, akazi awo, anasiya kupeta mpunga, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abambo, n'zoona zimenezo?"

"Akutero anthu."

"Ndiye valani nsapato. Mukawauze akubayeni mikono yonse iwiri."

Sanapite. Anati ayamba adikira aone ngati apulezidenti afike mwezi wamawa. Apulezidenti anafika. Amene sanafike ndi katemerayo: mu Meyi boma linatentha madozi 19,610 ku Lilongwe chifukwa masiku ake anali atatha. Atsibweni atamva anakwiya kwambiri. Anati boma ili n'losakaza, lingawotche bwanji mankhwala anthu akuwafuna? Ndinawakumbutsa kuti iwo anakana. Anati kukana n'kwina, kuwotcha n'kwina.

Kolera anabweranso mu Malichi 2022, kuyambira kwa anansi athu ku Machinga, ndipo pofika chaka chotsatira anali atapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Apa munthu uja wokana katemera anasanduka mlangizi wosalembedwa ntchito. Anakumba chimbudzi chatsopano, anaika mpondagiya pakhomo pake, sopo atamumangirira chingwe kuopa mbuzi ndi alendo. Ndowa iliyonse yolowa m'nyumba inkathiridwa kololini mpaka tiyi kumveka ngati m'chipatala. Pamaliro ankaima pafupi ndi beseni n'kumakalipira aliyense wofuna kusambira m'madzi amodzi: "Tithirane, abale, tithirane!"

Tsiku lina mlangizi uja anadutsa, naona zonsezi, mtima wake n'kukhala pansi. Anawayamikira, kenako anatsegula kabokosi kake kozizira.

"Bambo, popeza mwayamba kumvera, katemera wa korona uja ndili naye pano. Tingobaya lero?"

Atsibweni anasuzumira m'bokosimo, nayang'ana kunyanja, nayang'ananso jakisoni.

"Adokotala, chitani ngati kale lija. Ndipatseni, ndikadzibaya ndekha ku zimbowera."