Sunga Khosi, Nanga Mkandawo Ukabwera Tiutani?

Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ankauza ana aphuma kuti adekhe, adzilemekeze, zabwino zili kutsogolo. Ambirife tinamvera. Takhala tikusunga khosi kuyambira tili ku pulayimale, ena mpaka khosilo lachita makwinya lili chidikirire. Chimene akuluakuluwo anaiwala kutiuza n'chakuti masiku ano mkandawo subwera ndi nthungululu. Umatulukira tsiku logawa katundu wa malemu, uli m'kansalu komangidwa mfundo zitatu pansi penipeni pa sutukesi, ndipo makosi oudikira amakhala 9, osawerengera azilamu amene akhala kuseri kwa nkhokwe koma makutu ali pabwalo.

Mkanda wa lero ndi mphete ya ukwati ya agogo, kaunyolo ka m'khosi, ndolo ziwiri zosafanana, kapena wotchi imene inaima nthawi ya chipani chimodzi. M'mabanja ambiri tinthu timeneti tili ndi mbiri imodzi: "Agogo ako aamuna anabwera nazo kuchokera ku Joni." Ndipo si bodza lonse ayi. Amuna zikwizikwi a kuno kwathu ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka mu 1974 pomwe ndege yawo inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Unadzayambiranso pansi pa bungwe la TEBA, n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ena ankathera ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Amene sanatchone ankabwera ndi njinga, wayilesi, bulangete lolemera ndi kamphete ka mayi a kunyumba. Njinga inatha, wayilesi inasanduka mosungira mbewu ya mpiru, bulangete analikulungira munthu. Chatsala ndi mphete. Tsono poti mwini wakeyo ankakumba golide, mbumba yonse imakhulupirira kuti mpheteyo ndi golide wosasakaniza, ngati kuti azungu a mgodi ankapatsa aliyense kachibulumwa kotsanzikira.

Msonkhano umayamba ndi pemphero, ndipo ndi nthawi yokhayo imene anthu onse amatsinzina. Akangoti ameni, amayi aang'ono amagwira nsonga ya chitenje n'kuyamba kupukuta m'maso.

"Nkhata sizinafote n'komwe kumanda, inu mwayamba kale kufunsa mitengo? Mphete imeneyi ndi ya mayi anga, achemwaliwa ankangoisunga. Ngakhale njala ya 2002 ija, tikudya gaga, palibe anaganiza zoigulitsa. Bweretsani kuno ndikusungireni."

Mawu oti "ndikusungireni" amachititsa ana amasiye kuyang'anana. Aliyense amadziwa kuti chimene amayi aang'ono asunga chimasungikadi, moti sichidzaonekanso mpaka tsiku la ukwati wa mwana wawo wotsiriza, chili pachala cha mkwatibwi, ojambula kanema akuchiyandikitsa.

"Amayi, sitikukana ayi," amatero achimwene aakulu, "koma mphete si ndiwo. Tikaigulitsa tigula njinga yamoto ya kabaza, tsiku lililonse izilowetsa kangachepe, tonse tizithandizika."

"Nanga kangachepeko azilandira ndani, achimwene?"

"Zimenezo tidzakambirana."

Pamenepo foni imalira. Ndi achemwali a ku Dublin, atumiza mawu a mphindi 7 pa gulu la WhatsApp la banja, akulira kuti chonde musagulitse, imeneyo ndi mbiri yathu, ana anga adzaione. Ndi omwe aja amene za bokosi anati atumiza Lachisanu, osanena Lachisanu la mwezi uti. Kenaka atsibweni, eni mbumba, amatsokomola n'kukumbutsa anthu kuti malemuwa anali mlongo wawo asanakhale mayi wa aliyense pano. Mwana wina amene anapitako kusukulu amayesa kuwauza mwaulemu kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Atsibweni amamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Mphwanga, lamulo lakolo analembera ku Lilongwe. Maliro taika kuno."

Chodabwitsa n'chakuti mkangano wonsewu umachitika munthu aliyense asanayang'ane m'kati mwa mpheteyo. Itengeni, mupite nayo padzuwa, mubwereke magalasi a atsibweni. Mukaona nambala 375, ndi golide wa makarati 9, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse golide ndi 375 okha, otsalawo ndi mkuwa, siliva ndi zitsulo zina. Nambala 585 ndi makarati 14, 750 ndi 18, ndipo 916 ndi 22. Wa makarati 9 ndiye wofala m'masitolo a ku South Africa ndi ku Britain, choncho mphete ya ku Joni musaiyembekezere zambiri. Mukaona zilembo GP, golideyo anangopakidwa pamwamba. Mukapanda kuona chilichonse, kumbukirani ngati chala cha malemu chinkachita mzere wobiriwira nthawi yotentha, chifukwa umenewo ndi umboni wa mkuwa. Maginito amathandizako pang'ono, poti golide sakokedwa, koma mkuwanso sukokedwa. Wogula wodziwa ntchito yake amakhula mpheteyo pa kamwala kakuda, kudonthezapo asidi, kenaka kuiponya pa kasikelo.

Sikeloyo ndi imene ilibe mwambo. Sidziwa kuti malemu anali mayi a Mvano, kuti analera ana a eni, kuti anapirira abambo athu zaka 40. Imangowerenga magalamu. Tiyeni tiwerengere limodzi, tiyerekeze kuti zonse zayenda bwino: mphete ndi ya magalamu 4, makarati 9. Golide weniweni mmenemo ndi galamu imodzi ndi theka. Mu Okutobala 2025 mtengo wa golide unadutsa madola 4,000 pa aunsi, ndipo aunsi ya golide ndi magalamu 31.1. Ndiye kuti pa mtengo umenewo mphete yathu sikukwana madola 200. Pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo, pafupifupi K1,750 pa dola, ndi ndalama zosapitirira K350,000, wogula asanachotsepo phindu lake, ndipo amachotsadi mosachita manyazi. Gawani kwa anthu 9. Aliyense sapeza ngakhale K40,000. Njinga yamoto ya achimwene ija yasanduka chipewa chake chokha.

Nanga kamwala kofiira kali pamwambapo? Miyala ya ruby yeniyeni ilipo m'dziko muno, ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, koma kamwala ka pamphete ya agogo kawirikawiri kamakhala pachibale ndi botolo la chakumwa. Apa musakhumudwe kwambiri. Mkanda woyera umene makolo ankasungira khosi unalinso galasi. Mikanda yambiri ya nthawi imeneyo inkapangidwa ku Ulaya, m'mizinda ngati Venice, n'kufika kuno ndi amalonda a Chiyao, a Chiswahili ndi Apwitikizi ochokera cha ku Tete, ndipo anthu ankapereka minyanga ya njovu, mwinanso anthu anzawo, kuti apeze mkandawo. Unkalemekezeka chifukwa unkachokera kutali ndipo si aliyense anali nawo. Mikanda ya m'chiuno ija ndiye sitiiwerengera pa chuma cha masiye. Imeneyo amayi aakulu amaichotsa mwakachetechete, ndipo sindinamvepo kuti mbumba yapita nayo kwa DC.

Komabe a gulu la "tisunge" ali ndi mfundo imene iwo eni saidziwa, poti amangodalira misozi. Kumayambiriro kwa 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, mtengo wa boma wa golide unali madola 35 pa aunsi. Kwacha nthawi imeneyo inali munthu wamkulu, makwacha awiri ankasintha paundi imodzi. Taonani lero. Pofika Okutobala 2025 golide anali atachoka pa 35 kufika pa 4,000, pomwe kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, isanadzuke n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Agogo amene anamanga kamphete pa kansalu, osadziwa kulemba dzina lawo, anachita masamu kuposa aphunzitsi aakulu amene anasunga ndalama zawo zonse m'buku la ku positi ofesi. Anzathu a Chimwenye ku Limbe zimenezi anazidziwa kalekale. Mwana wamkazi akamakwatiwa amamuveka zibangili za makarati 22, ndipo aliyense pa ukwatipo amadziwa kuti zimene zikulira pamkonopo ndi nkhokwe ya mtsikanayo. Ngakhale Reserve Bank ya Malawi mu 2021 inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono. Banki yaikulu, imene imasindikiza kwachayo, ikusinthanitsa kwacha ndi golide, ndiye inu mukuthamangira kusinthanitsa golide ndi kwacha kuti mugule foni imene idzagwera m'chitsime isanathe miyezi isanu.

Pali njira ina imene anthu amaiona ngati nzeru, chonsecho ndi ya pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma. Ndi pinyolo. Munthu amati sindikugulitsa ayi, ndikungosungitsa, pakutha pa mwezi ndikawombola. Wakatapila amalandira mpheteyo ndi manja awiri, amakupatsani kagawo kochepa ka mtengo wake, chiwongoladzanja n'kuyamba kuswana usiku womwewo. Mwezi ukatha mumalipira chiwongoladzanja chokha. Mwezi wachitatu mumayamba kulambalala msewu wa kunyumba kwake. Mwezi wachisanu mpheteyo mumakumana nayo kutchalitchi, ili pachala cha akazi ake, akukupatsani moni wa mtendere. Wogulitsa poyera amatsala ndi ndalama yonse, wosunga amatsala ndi mphete, koma wa pinyolo amatsala ndi nkhani yoti afotokoze pa msonkhano wa banja, ndipo nkhaniyo nthawi zonse imayamba ndi akuba amene analowa pawindo osathyola kanthu.

Mabanja ena mayeso amenewa sawagwera, chifukwa chimene agogo anasiya ndi khoza la mnyanga wa njovu. Limenelo ndi lolemekezeka kuposa zonse, koma mukangoyamba kufunsa mtengo wake mumsika mwayamba ulendo wa ku ndende ya Maula. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, malonda a mnyanga angakulowetseni m'ndende mpaka zaka 30. Mbumba yotero imakhala yogwirizana modabwitsa. Palibe wofuna kugulitsa, ndipo amayi aang'ono nawo safulumira kunena kuti ndikusungireni.

Ine maganizo anga ndi akuti akuluakulu anaika zinthu mu ndondomeko yake: khosi patsogolo, mkanda pambuyo. Ngati wina m'banjamo ali m'chipatala ndipo mankhwala akuti mukagule nokha, kapena mwana watsala ndi chaka chimodzi ku koleji ndipo amubweza chifukwa cha fizi, gulitsani, osatembenuka. Agogo amene anadzimana kuti ana adye sangakwiye kumandako chifukwa mdzukulu wawo wamaliza sukulu. Koma pitani anthu atatu, mufunse ogula angapo, sikelo muziiona ndi maso anu, ndipo ndalama ziwerengedwe pamaso pa onse. Zoti "ndinapita ndekha, anati ndi yabodza, ndiye ndinangoisiya komweko" zisamveke. Chimene sindingavomereze ndi kugulitsa mphete ya agogo kuti timange chiliza cha matailosi choposa cha banja loyandikana nalo kumanda, kapena kuti pa chinkhoswe pakhale tenti iwiri. Ndipo ngati mwasankha kusunga, isakhale m'mdima zaka 20. Ivalidwe. Mwana aliyense wa mbumbayo akamakwatira aidalitsire ukwati wake, kenaka aibweze, ndipo polandira azisayina m'kabuku, poti tikudziwana.

Koma mabanja athu sachita zimenezi. Dzuwa likapendeka amasankha komiti ya anthu anayi kuti ikaunike nkhaniyi bwinobwino. Anthu awiri amatuluka pa gulu la WhatsApp usiku womwewo, wina n'kulisintha dzina kukhala la vesi ya m'Baibulo yonena za chikondi. Msonkhano wachiwiri umalephereka chifukwa achimwene aakulu sanalandire ya thiransipoti, wachitatu umathera pa nkhani ya mbuzi imene inasowa mu 1998. Wachinayi amauika pa Khirisimasi, kuti ndi achemwali a ku Dublin omwe adzakhalepo, ndipo msungichuma wa komiti amalengeza kuti aliyense mwa anthu 9 aja asonkhe K45,000 ya mbuzi, mpunga ndi zakumwa, pasanafike pa 15 Disembala.