Mipando Siifika Usiku

Ku Nkhotakota chilichonse chili ndi nthawi yake yofikira pakhomo. Usipa umafika m'mamawa, asodzi akamakocheza atachezera panyanja ndi nyali zawo. Wodzaitanitsa ngongole amafika madzulo, mwini nyumba atangosamba m'manja kuti ateme kondowole. Mbuzi yosadziwika mwini wake imafika usiku, itamangidwa kukamwa. Koma sofa imafika masana dzuwa lili paliwombo, makamaka Loweruka, aliyense ali pakhonde, kuti pasapezeke munthu wodzanama mawa kuti sanaone.

Lamuloli silinalembedwe kukhonsolo kapena kwa amfumu, koma wolithyola sindinamuonepo. Munthu agula mipando ku Lilongwe, galimoto inyamuka, idutsa pa Salima, igwira msewu wa M5. Ikachedwa ndi maenje n'kufika pa Chia kuli chisisira, mwini katundu amaimba foni ndi mawu achifundo: "Adalaivala, musadzivute kuyenda usiku. Gonani pompo, mugule chambo mudye, ndibweza. Mufike mawa cha m'ma 10 koloko." Dalaivala amapita kukagona akuyamika kuti padziko pano anthu abwino akadalipo. Sadziwa kuti bwanayo akungoopa kuti ndalama zake zonse zingalowe m'nyumba mumdima, mboni zili mtulo.

Kukacha mwini mipando amakaichingamira kumsewu. Kutsogolo malo alipo, koma iye amakwera kumbuyo n'kukhala pasofa pomwepo, mwendo pamwamba pa unzake. Muyang'anitsitseni, chifukwa tsiku limeneli ndi lokhalo limene adzakhalepo momasuka. Njira yachidule yopita kwawo amaidziwa kuyambira ali mwana, koma lero galimoto idzera kumsika, iima pang'ono kuti iye agule mayunitsi amene ali nawo kale, kenako ikhotera kumene kumakhala alamu ake omwe ananenapo chaka chatha kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu wosaganiza za mawa.

Amene sitingathe za ku Lilongwe timapita kwa kalipentala wa konkuno, ndipo kumeneko munthu amaphunzira kudekha. Tsiku lopereka ndalama yoyamba amakulandira ndi manja awiri, kukupukutira benchi, kukulumbirira kuti thabwa lake ndi mlombwa weniweni. Chiyambire 2015, pamene a African Parks anatenga udindo woyang'anira nkhalango ya Nkhotakota n'kuyamba kuitchinga ndi waya wamagetsi, mlombwa si wongotolanso ayi, koma pakamwa pa akalipentala sunachepeko. Paini wa ku Chikangawa akangopakidwa vanishi wofiirira, wabatizidwa basi. Ndiye pamabwera nyimbo yodziwika: "Yatsala vanishi yokha, bwana." Mwezi utha. "Mnyamata wanga wapita kumaliro ku Dwangwa." Mwezi wina. "Magetsi, bwana, mukudziwa nokha." Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinanyamulidwa pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mpaka kudzatsitsidwa m'nkhalango yathuyi zili zamoyo. Tebulo la miyendo inayi, losaluma, losaponda munthu, likulephera kuyenda kuchokera kumsika kufika ku Linga.

Koma tsiku limafika ndithu, ndipo chisangalalo chenicheni chimayambira pakhomo, pakuti sofa yolowa pachitseko mwamtendere sinapangidwebe. Wogula anayeza thumba lake, anayeza mtima wa aneba, koma chitseko sanayeze. Anyamata anayi anyamula, afika pakhomo, gwa! Pomwepo pamabadwa komiti. Amuna onse a m'deralo, ngakhale amene kwawo amakhalira chitini cha penti, amasanduka akatswiri.

"Pendeketsani, achimwene!"

"Ayi, iyambe miyendo!"

"Mukuipha sofayo inu. Bwererani m'mbuyo, muiimike chilili."

Pamapezeka nthawi zonse mkulu wina amene anagwirapo ntchito kufakitale ya shuga ku Dwangwa, ndipo pachifukwa chimenecho mawu ake pa nkhani ya katundu wolemera satsutsidwa. Iye sagwira kanthu. Amaima chapatali, manja kumbuyo, n'kugamula kuti: "Ana inu, gwetsani felemu." Aitana mmisiri, felemu ichoka pamodzi ndi njerwa zingapo, sofa ilowa, anthu aombera m'manja. Banjalo ligona milungu iwiri chitseko chili chongoyedzamiritsa ndi mtondo, koma palibe wodandaula.

Amayi oyandikana nawo amabwera pambuyo, aliyense ndi chifukwa chake: wina kudzapempha moto, wina kudzabweza sefa imene anabwereka Khirisimasi yapita. Kufunsa mtengo mwachindunji ndi kupanda mwambo, choncho amazungulira. "Koma ndiye zokongola, amayi! Zoterezi masiku ano sizikugwirika, eti?" Mwini nyumba, amene usiku wonse sanagone ndi chimwemwe, amayankha nkhope ili pansi: "Aaa, timipando tachabechabe, tongogwirizira." Akaumirizidwa amawonjezera kuti, "Mwayi wake tinalipiriratu kwacha isanagwe." Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuyambira pamenepo katundu yense wa m'nyumba za kuno, ngakhale wofika dzulo, anagulidwa kwacha isanagwe. Alendowo amatuluka akumwetulira, ndipo asanafike pampanda amakhala atawerengera kale kuti ndalamazo ndi za kubanki m'khonde, ndiponso kuti pofika mwezi wogawana tidzamva zambiri.

Tsopano mukuganiza kuti banjalo likhala pamipando yake? Pepani. Pulasitiki imene mipandoyo inabwera nayo sichotsedwa. Akuti fumbi, akuti nkhungu zikauluka kuchokera kunyanja zingadetse nsalu. Ana amauzidwa kuti wopezeka atakwerapo aona chomwe chinameta nkhanga mpala. Bambo amene akubweza ngongoleyo amadyera panja pamphasa, pansi pa mtengo wa mango, monga ankachitira agogo ake, ndipo kunena zoona m'mwezi wa October kumeneko ndiye kokhalika. Sofa imadikira anthu ake: abusa, ashehe, ankhoswe, ndi mlendo aliyense wotsika m'galimoto. Mlendo wotereyu amakhazikidwa papulasitiki m'chipinda chotseka mawindo, thukuta lili kamukamu, akumwa tiyi wotentha, eni nyumba akumuyang'ana mwaulemu. Poimirira pamamveka phokoso loti aliyense ayenera kunamizira kuti sanamve. Achibale ochokera kumudzi, amene abwera ndi thumba la mpunga wa Faya pamutu, amalandiridwa ndi mawu okoma akuti, "Tiyeni panja pano, azakhali, m'nyumbamo mukutentha."

M'nyumba yotere mukangolowa makina osokera, zinthu zimafika pena. Sindikunena za atelala a pakhonde la sitolo kumsika, amene amasoka kuti adye, ndipo "bwerani mawa" wawo ndi pachibale ndi wa akalipentala. Ndikunena za mayi amene mchimwene wawo wawatumizira makina a Butterfly kuchokera ku Joni, aphunzira pang'ono kugulu la amayi, ndipo akafunsidwa amati, "Ine ndimangosewera, si bizinesi ayi." Mawu amenewa ndi oopsa. Telala wa bizinesi amasoka chimene wauzidwa. Wongosewera amasoka chilichonse chimene chaima malo amodzi.

Imayamba ndi sofa yomweyo: pamwamba pa pulasitiki pabwera chovundikira, pamwamba pa chovundikira pabwera zidoilo. Kenako wailesi ivala. TV ivala. Filiji ivala siketi ya malesi. Ndowa ya madzi akumwa ipatsidwa chipewa. Mphaka akaona tepi yoyezera amathawira kudenga. Nsalu sisowa, pakuti m'sutikesi muli zitenje za zaka zambiri: za kumpingo, za paukwati, za bungwe lija linabwera kudzaphunzitsa za maneti a udzudzu, ndi za misonkhano ya ndale, zimene mayi wanzeru amalandira kuchokera mbali zonse osafunsa mafunso. Zonsezi zimasanduka mapilo. Boma lino limadziwa ndale, ndi kuno kumene chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, koma mgwirizano umene ndinauona pasofa ya aneba anga sunachitikepo ku Nyumba ya Malamulo: pilo wa tambala wakuda atatsamira pilo wa chimanga, wachikasu ali pakati, onse phee, chaka chonse osakangana.

Zopanda moyo zikatha, maso amatembenukira kwa bambo. "Abambo ake, taimani pompo, tambasulani manja." Mwamuna wa nzeru zake, woopedwa kuntchito, amaima atatambasula manja, mapini ali m'khwapa. Nsalu ya malaya ake ndi imene inatsala posoka makatani. Dzanja limodzi limatalika pang'ono, kolala imayang'ana ku Msumbiji, koma iye anaphunzira kalekale kuti mtendere wa m'banja ndi wokwera mtengo kuposa malaya, ndiye amati, "Zakhala bwino kwambiri, amayi." Tsiku lina ndinapita kukawaona aneba angawo. Ndinaodira, ndinalowa, ndinapereka moni kwa mayi, n'kufunsa ngati bambo achokapo. Anali atakhala pompo, pafupi ndi zenera, kutsogolo kwa katani. Ndinawazindikira atatsokomola.

Chilango cha mayi wosoka chimachokera kwa anzake. Mbiri ikangomveka kuti pakhomo paja pali makina, anthu amayamba kumukonda. "Asisi, tangondidutsitsirani kamodzi apa, ndi pang'ono pokha." Pang'onopo ndi zipi ya thalauza, yunifolomu za ana atatu sukulu ikutsegulidwa mawa, ndi diresi la pachinkhoswe limene mwini wake analiona pa Facebook litavalidwa ndi munthu wa thupi lina. Ulusi ndi wa mwini makina, singano ndi yake, msana ndi wake. Malipiro ake ndi "Ambuye akudalitseni", ndipo wowolowa manja kwambiri amatumiza kambale ka usipa. Diresi likapanda kukhala, nkhani imafika kumjigo iye asanadzuke.

Pakona pa balaza pamaima disipulei, kabati ya magalasi imene kiyi wake amamangidwa pamfundo ya chitenje cha mayi. Mmenemo ndi mosungira umboni woti banja lino linayendapo. Khalidweli si la lero. Doko lino lakhala likulandira za kutali kuyambira m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika kuno, zombo zake zikubweretsa nsalu ndi mikanda n'kumabwerera ndi minyanga ndiponso anthu, mbiri imene siseketsa. Pambuyo pake agogo athu a ku Wenela ndi ku Salisbury ankabwera ndi thiranki yachitsulo, galamafoni, njinga ndi makina a Singer, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona. Adzukulu awo akupitiriza, kungoti katundu wachepa msinkhu. Muli vuvuzela ya mpira wa dziko lonse wa 2010, imene ana saloledwa kuiimba. Muli mbale yojambulidwa Table Mountain, yobwera ndi munthu amene zaka zake zonse anakhala ku Johannesburg ndipo phirilo analionera pambale pomwepo. Muli kabotolo koti ukakagwedeza mumagwa chipale chofewa, m'nyumba imene ngakhale mwera utawomba chotani munthu amagona ndi nsalu imodzi. Muli tikiti ya Ilala ya ulendo umene mwini wake anasanza kuyambira ponyamuka mpaka pofika, koma akamaufotokoza lero mumayesa ndiye ankayendetsa sitimayo.

Chilichonse mmenemo chili ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo imakula chaka ndi chaka. Mlendo akalakwitsa n'kuloza chimodzi, tiyi amazizira. "Ichi? Ichi ndinagula pa Park Station, tsiku limene apolisi anatiimitsa pa Beitbridge..." Mayi amatuluka mwakachetechete kukaona mphika, pakuti akudziwa kuti apolisiwo poyamba anali awiri, chaka chatha anali asanu ndi mmodzi, ndipo lero abwera ndi agalu.

M'kabati momwemo muli makapu awiri a ku Nkhotakota Pottery, mphatso ya paukwati, amene sanalawepo tiyi. Azungu amachoka kutali kudzagula makapu omwewa kuti azikamwera khofi tsiku ndi tsiku. Amagulanso lichero, mphasa ndi chipande, n'kukazipachika pakhoma ku London kuti anzawo adziwe kuti anayendapo. Amafunsa njira ya kumkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, amaujambula mbali zonse, pamene ife timaudutsa pa kabaza tikukangana za chenji. Tikawaona atanyamula lichero mosamala timaseka mpaka misozi, kenako timapita kunyumba kukapukuta fumbi pa Big Ben wapulasitiki. Anthu ndi amodzi, kusiyana ndi mtengo wa tikiti.

Inu amene mwalandira za kubanki m'khonde ndipo mtima uli pa sofa, chonde yambani mwayeza chitseko. Ngati mulibe tepi, kabwerekeni kwa mayi osoka aja, sakaniza. Koma mukalandire muli panja, ndipo akakuuzani kuti mutambasule manja, thawani: nsalu ya makatani ija inatsalako mamita atatu.