Alamu anga ndi njinga yosapita kulikonse

Kwathu ku Chipata, njinga ndi chinthu chimene munthu amakwera podikira kuti Mulungu amukumbukire. Bambo anga anali ndi Eagle yopangidwa konko ku Luangwa Industries, ndipo inanyamulapo chimanga, mbuzi, amayi ali ndi pakati, mpaka bokosi la maliro. Ine nditafika mu Lusaka ndinalumbira kuti pa chishalo sindidzakhalaponso. Ndinakhetsa thukuta, ndinagula ka Corolla kotopa, mimba nayo inayamba kutsogola monga zimayenera kukhalira munthu zikamuyendera.

Ndiye taonani alamu anga a ku Woodlands. Munthu anaphunzira mpaka tsitsi kuthothoka, amafufuza za matenda a mtima kusukulu ya udokotala ku Ridgeway, galimoto ziwiri zili phee m'galaja. Koma Loweruka lililonse, tambala asanalire, amavala kabudula wothina wosayenera kuonedwa ndi apongozi, chisoti ngati chibade cha dzungu, n'kuyamba kupalasa mumsewu wa Leopards Hill. Sapita kuchigayo, sapita kumaliro. Akafika pamene palibe chilichonse amatembenuka n'kubwerera kunyumba, ali mwee. Mtengo wa njingayo atandinong'oneza ndinapempha madzi akumwa.

Ntchito yawo ndimaipatsa ulemu. Mkati mwa sabata amayenda m'masukulu ndi kamakina kounikira m'chifuwa, kufunafuna ana amene mtima wawo unayamba kuwonongeka mwakachetechete. Amati zilonda zapakhosi zimene ife timalimbana nazo ndi mandimu, zikakhala za tizilombo tina ndipo mwana osalandira penicillin, zimatha kudzawononga timakomo ta mtima patapita zaka. Vuto ndi lakuti alamuwa ntchito saisiya ku ofesi. Akabwera kwathu ku Kabwata, moni usanathe atulutsa kale lamba woyezera BP.

Tsiku lina anandimanga pamkono nsima ili patebulo. Anayang'ana manambala, anayang'ana ine, kenako anatenga mchere n'kuuika pamwamba pa filiji.

"Alamu, mwadutsa 140 ndi 90. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ulibe tchuthi, ulibe Sabata, inu n'kumausenzetsanso katundu. A WHO amati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi."

Magalamu 5 amenewo ine ndimamaliza pa mbale yoyamba ya michopo, yachiwiri isanapse. Anawonjeza kuti thupi limafuna mphindi 150 pa sabata zolimbitsa thupi, n'kundiuzanso monyadira za Miguel Indurain, amene anapambana Tour de France kasanu kuyambira 1991 mpaka 1995, kuti akapuma mtima wake akuti unkagunda ka 28 pa mphindi. Kwathu munthu mtima ukafika pamenepo timayamba kutumiza uthenga kwa abale.

Ndinayang'ana kwa mayi a Chisomo kuti andiikire kumbuyo. "Bambo a Chisomo, mverani alamu anu. Ine zovala zakuda sizindikhala."

Alamu anandibwereka njinga yawo yakale n'kunditenga kokapalasa. Tisanamalize n'komwe mipanda ya ku Kabulonga, lilime linali panja, agalu a mabwana akundiyang'ana mwachisoni osauwa. Alamu ali patsogolo, maso pa wotchi yawo imene imawerenga kugunda kwa mtima, tulo, mwina ndi machimo omwe. Pobwerera, pa kachitunda kena, anatipitirira bambo wogulitsa makala, matumba atasanjikizana kuposa mutu wake, patapata kuphazi, akuimba mluzu. Alamu anagwira pakamwa: "Mwauona mtima umenewo? Umenewo ndiye wofunika kuufufuza!" Bamboyo anatembenuka n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuti andikoke.

Chifukwa choopa mayi a Chisomo ndinayamba kupita ndi njingayo kuntchito, kutsata Burma Road mpaka mutauni. Makondakitala a minibasi sanandisiye: "Madala, mafuta avuta?" Mlonda wa paofesi pathu pafupi ndi Cairo Road, amene kale ankandichitira sailuti, anandilozera khomo la kuseri kumene amalowera obweretsa makalata.

Mbiri inathamanga kuposa njinga. Pofika kumapeto kwa mwezi mtundu wonse unali utamva kuti galimoto analanda angongole. Msuweni wanga wa ku Chelstone, amene amadziwa tsiku la malipiro anga kuposa abwana anga, sanabwere. Amalume amene denga lawo limasasuka chaka chilichonse anasiya kuimba foni. Komiti ya ukwati wa mwana wa aneba inandichotsa pa gulu la zopereka n'kundiika pa gulu lonyamula mipando. Apongozi anatumiza nsawawa ndi kathumba ka ufa, pamodzi ndi uthenga wakuti akundipempherera.

Alamu atandimanganso lamba uja, manambala anali atatsika. Anasangalala, analemba m'kabuku kawo, akuti adzandigwiritsa ntchito ngati chitsanzo pa 29 Sepitembala, tsiku lokumbukira mtima padziko lonse, kuti anthu aone mphamvu ya njinga. Ndinangovomera. Ka Corolla ndinakafunditsa lona kuseri kwa nyumba ya mnzanga, ndipo ana ndawauza kuti msuweni akafunsa, azingopukusa mutu.