Wowerenga Wanga Wokhulupirika

Zaka zonse zimene ndakhala ndikulemba makalata kuno kwa Kaduya, kuyambira odandaula za mtengo wa nandolo kufikira opempha ngongole kwa alamu anga a ku Joni, sindinapezepo munthu ndi mmodzi yemwe wowawerenga mpaka kumapeto. Chifukwa chake tsiku lija mwana wa mlongo wanga anandiuza kuti m'kompyuta yanga mwalowa kazitape wotchedwa keylogger, amene amasunga batani lililonse limene chala changa chadina natumiza zonse kwa mbuye wake kutali, mtima wanga unadzala ndi chiyamiko. Taonani, pa ukalamba wanga ndapatsidwa wowerenga!

Ndipo anali wowerenga wotani nanga! Sanalumphe mzere, sanaodzere. Ngakhale mawu amene ndinafufuta chifukwa cha manyazi iye anawasunga, monga mngelo wosunga buku la tsiku lachiweruzo. Kalata ya kwa alamu, imene ndinaiyamba kasanu ndi kawiri, anaiwerenga kasanu ndi kawiri. Atapeza nambala yanga yachinsinsi, nakasuzumira m'nkhokwe imene nambalayo imatsekula, anapezamo ndalama zosakwana sopo mmodzi. Akunyumba atamva anati, "Abambo, munthuyo mukanamupepesa."

Mwana wa mlongo wanga uja akuti mlendoyu anakwera pa fulashi imene ndinakaikitsa nyimbo za kwaya pamsika. "Amalume, zimitsani kaye intaneti," anatero, ngati namwino. Anatsekula Task Manager, nayang'ana mapulogalamu amene amadzuka pamodzi ndi kompyuta, mpaka anapeza dzina lachilendo lopanda mwini. Kenaka anamasula Windows Defender kuti asake nyumba yonse. Nambala zachinsinsi anandisinthitsa pa foni ya amayi ake, pakuti kuzisinthira pa kompyuta yomweyo kuli ngati kubisa kiyi wakuba ali chiimire pakhonde. Anachenjezanso kuti kazitapeyo akabwerera, tidzayamba tasamutsa zithunzi ndi makalata, ndipo pokhapo tidzafafanize zonse ndi kuikamo Windows watsopano, popeza khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Chimene chinandiwawa ndi malipiro. Mwana amene kale chikho cha thobwa chinkamukwanira anatchula mtengo wa tambala wathunthu, nandikumbutsa mwaulemu kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye kuti ndinalipira kuti andipirikitsire munthu yekhayo amene anasamalapo zolemba zanga.

Komatu ine ndikhoza kuseka, pakuti m'kompyuta yanga munali ngongole zokha. Mu February 2024 Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makina osindikizira ziphaso zoyendera ndipo akufuna dipo, anthu nakhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Ife alimi timapereka zidindo za zala ndi nkhope polembetsa chiphaso cha unzika, ndiponso nambala yake polembetsa simukhadi ndi pogula feteleza wotsika mtengo, osafunsa kuti zikasungidwa kuti; ndipo amene amatitenga zinthu zimenezi ayenera kuzilondera koposa m'mene mnyamata wa kwa Kaduya analonderera makalata a malume wake. Lamulo la 2016 la chitetezo cha pa intaneti lilipo, koma lamulo silikhala maso usiku.

Kompyuta tsopano yayera ngati mbale yotsuka. Kalata ya kwa alamu ndaitumiza kachitatu, ndipo ku Joni kuli zii.